Mmene mungamangirenso makina akale pa kompyuta

Mu Blantyre muno ndi madera ozungulira muli makina akale ambiri amene palibe munthu ali ndi mapulani ake. Njanji inafika m'tauni ino mu 1908, ndipo panja pa nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri paima injini ya sitima yoyendera nthunzi. M'maesiteti a ku Thyolo ndi ku Mulanje, m'mamishoni ndi m'zigayo zimene zinatsekedwa mukadali mapampu, maboila ndi mainjini a dizilo ochokera ku Britain. Ena mwa makinawa amathera kwa ogula zitsulo zakutha, kugulitsidwa pa kilo. Mukawamanganso mu pulogalamu ya CAD, yojambulira ndi kumangira ziwalo za makina pa kompyuta, miyezo yake imasungika, ophunzira za uinjiniya amaona mmene ankayendera, ndipo mmisiri wa pa lathe amapeza pulani yosulira chiwalo chimene chinasowa.

Chofunika kugwira kuyambira pachiyambi ndi ichi: chitsulo chimene chili patsogolo panu chadyeka, chachita dzimbiri, chapakidwa penti kangapo, ndipo anthu akhala akuchikonza ndi zimene anali nazo. Ntchito yanu ndi kubweza miyezo imene wochipangayo ankafuna, ndi kulemba umboni wa muyezo uliwonse. Titenga chitsanzo cha injini ya Lister CS ya silinda imodzi, yopangidwa ku Dursley ku England, yamphamvu ya mahosipawa 6 ikamazungulira maulendo 650 pa mphindi. Njira yake ndi yomweyo pa pampu, pa chigayo, ngakhale pa injini ya nthunzi.

Chilolezo ndi chitetezo

Lankhulani kaye ndi mwini wake. Ngati makinawo ali m'manja mwa osunga zinthu zakale, lembani kalata yonena chimene mukufuna kuyeza komanso ngati mudzafuna kumasula china chilichonse. Kawirikawiri kumasula saloleza, ndipo akulondola, chifukwa bawuti yakale ikadukira mkati, yofanana nayo simuipeza m'mashopu a ku Limbe.

Gogodani makinawo ndi ndodo musanapisemo dzanja, pakuti mavu, njuchi ndi njoka zimakonda m'mabokosi a zitsulo. Tchingani flywheel, gudumu lalikulu lolemera la pa injini, ndi chipika kuti isazungulire zala zili mkati. Chinthu choyera changati thonje chimene chinakulungidwa pa boila kapena pa mapaipi a nthunzi chikhoza kukhala asbestos. Musachikande, fumbi lake limawononga mapapo. Penti yakale nayonso imakhala ndi mtovu, choncho musaipale youma.

Fufuzani zolembedwa

Pezani kachikwangwani kamkuwa ka pa injini. Zilembo zikafufutika, walitsani tochi chapambali, kapena pakanipo choko n'kupukuta pamwamba kuti chokocho chitsalire m'mizere. Lembani dzina la kampani, mtundu wa makina ndi nambala yake, komanso manambala onse otukuka amene ali pa ziwalo. Pa mainjini a Lister onetsetsani kuti ndi a Lister enieni, chifukwa makampani a ku India anapanga ambiri ofanana nawo ndipo ziwalo zina zimasiyana.

Mabuku a malangizo a makina otchuka amapezeka pa intaneti. Za njanji, za sitima za panyanja ndi za makampani akale, yesani laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, nyumba ya 1882 ija, ndi National Archives ku Zomba. Mukapeza pulani yakale, khulupirirani manambala olembedwapo, osayeza mizere ndi rula, chifukwa pepala limafota ndi kutanuka. Onaninso kajambulidwe kake: mapulani ambiri akale a ku Britain ndi a first angle, pamene chimene chimaoneka kumanzere chimajambulidwa kumanja. Mukawerenga mobwerera, chiwalo chanu chituluka chotembenuzika.

Kuyeza ndiye ntchito yeniyeni

Tengani veniya (chida choyezera kukula kwa chiwalo molondola), rula yachitsulo yokhala ndi mainchesi ndi mamilimita, tepi yopyapyala, makalipa a miyendo iwiri a kunja ndi a mkati, geji ya mazinga ya Whitworth ndi ya metric, geji ya ngodya zobulungira, sikweya, choko, palafini ndi burashi. Maikulomita ndi dial gauge (geji ya muvi ngati wotchi, yoyezera kusuntha pang'ono) yokhala ndi maginito mungabwereke kwa makanika. Kope likhale lachikuto cholimba, chiwalo chilichonse tsamba lake, chojambulidwa pamanja musanayambe kuyeza.

Sankhani poyambira. Pa injini ngati iyi tengani zinthu zitatu: mzere wapakati pa crankshaft (shafiti imene pistoni imazungulitsa), mzere wapakati pa silinda, ndi pansi pamene injini imakhalira pa maziko. Muyezo uliwonse uchokere pa zitatuzi. Mukamayeza molumikiza, kuchokera pa bowo ili kufika pa linzake, kenako kuchokera pamenepo kufika pa lachitatu, kulakwa kumaunjikana. Theka la milimita pa muyezo uliwonse, miyezo khumi, mwaphonya ndi mamilimita 5, ndipo ziwalo sizigwirizana pa kompyuta.

Ndiye pali nkhani ya mainchesi, imene ambiri imawapunthwitsa. Makinawa anapangidwa ndi anthu oganiza m'mainchesi ndi tizigawo take: 1/16 ndi 1.588 mm, 1/32 ndi 0.794 mm, 1/64 ndi 0.397 mm. Veniya ikakupatsani 37.9 mm pa shafiti, gawani ndi 25.4. Mupeza 1.492, ndipo mudziwa kuti shafitiyo inali ya inchi imodzi ndi theka, 38.1 mm, koma yadyeka. Shafiti ikamadyeka imachepa, bowo likamadyeka limakula. Choncho pa shafiti kwezani muyezo kufika pa kachigawo ka inchi kapafupi, pa bowo tsitsani. Silinda imene yakupatsani 114.5 mm ndi ya mainchesi 4½, omwe ndi 114.3 mm. Koma ikapatsa 114.8 mm paliponse pamene mwayeza, mosasintha, kumeneko si kudyeka; wina anaiboolanso n'kuwonjezera 0.020 ya inchi, ndipo pistoni ili momwemo ndi yokulirapo.

Yezani pamene sipanakhudzidwe. Mu silinda, pansi penipeni pamene malingi a pistoni safika ndi pamene pasunga muyezo wakale. Pa shafiti, yang'anani pambali pa beringi, osati pamene beringi inkagwira. Chilichonse chobulungira chiyezeni mbali ziwiri zopingasana, chifukwa kudyeka sikukhala kofanana: silinda imadyeka kwambiri chakumwamba, mbali yopingasa pini ya pistoni.

M'kope mukhale mizere itatu: chimene veniya yapereka, chimene mwasankha kugwiritsa ntchito, ndi chifukwa chake. Mzere wachitatuwu musaudumphe. Pakatha miyezi ingapo simudzakumbukira chifukwa chimene munalembera 38.1 pamene chitsulo chinati 37.9.

Mazinga a mabawuti amanena zambiri. Joseph Whitworth anakhazikitsa muyezo wake mu 1841, ndipo mazinga ake ali ndi ngodya ya madigiri 55, pamene a metric ndi a UNC (a ku America) ali ndi madigiri 60. Bawuti ya Whitworth ya theka la inchi ili ndi mazinga 12 pa inchi imodzi, ya UNC ili ndi 13, ya BSF (mazinga ang'onoang'ono a ku Britain) ili ndi 16, ndipo ya M12 ili ndi mpata wa 1.75 mm pakati pa mazinga. Pa masayizi a 1/4, 5/16 ndi 3/8, Whitworth ndi UNC zili ndi mazinga ofanana kuchuluka, 20, 18 ndi 16, ndiye kuwerenga kokha sikukwanira. Ikani geji pa bawuti n'kuyang'anitsa kuwala. Ngati ngodya ndi yosiyana, kuwala kudutsa m'mbali mwa mano a geji. Mitu nayo imathandiza kudziwa nthawi: mutu wakale wa bawuti ya theka la inchi unali wa 0.920 ya inchi pamene sipanala imagwira, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse unachepetsedwa kufika pa 0.820 posunga chitsulo. Mukapeza bawuti ya metric pa injini yakale ya ku Britain, dziwani kuti ndi ya wokonza wina wam'mbuyo muno. Ilembeni m'kope, koma mu CAD ikani ya Whitworth. Pa mapaipi musadabwe kuona kuti paipi yotchedwa ya theka la inchi ya BSP (muyezo wa mapaipi wa ku Britain) ndi pafupifupi 21 mm kunja kwake, ndi mazinga 14 pa inchi.

Magiya musawajambule potsata maonekedwe a dzino. Werengani mano, mutaika choko pa dzino loyambira. Yezani m'mimba mwake kunja kwa mano, m'mainchesi. Wonjezerani 2 pa chiwerengero cha mano, mugawe ndi muyezo uja, mupeza DP, nambala yonena kukula kwa mano a giya. Giya ya mano 40 yokhala ndi mainchesi 5.25 imapereka 42 kugawa ndi 5.25, yomwe ndi 8 DP. Yankho likatuluka 8.06, ndi 8 yomweyo, nsonga za mano zadyeka chabe. Mano akakhala osagawika pawiri, veniya sigwira nsonga ziwiri zoyang'anizana, choncho yezani kuchokera m'mphepete mwa bowo lapakati kufika pa nsonga, muwonjezere theka la bowolo, n'kuchulukitsa kawiri. Kuti mutsimikize, phatikizani mano a magiya awiri olumana, mugawe ndi DP yochulukitsidwa kawiri. Mano 20 ndi 40 pa 8 DP amafuna mashafiti otalikirana mainchesi 3.75, kapena 95.25 mm. Ngati pa chitsulo sipakutuluka pamenepo, DP yanu ndi yolakwika. Ngodya ya dzino pa magiya akale kawirikawiri ndi madigiri 14½, pamene masiku ano ndi 20. Sindikizani mano a mitundu iwiriyi pa pepala mu sayizi yake yeniyeni, muwadule ndi lumo, n'kuyerekeza ndi mbali ya dzino imene sinkakankha katundu.

Mabowo a mabawuti oikidwa mozungulira amapezeka motere: yezani pakati pa mabowo awiri oyandikana, m'mphepete mpaka m'mphepete, muwonjezere kukula kwa bowo limodzi. Akakhala 6, m'mimba mwa bwalo lawo ndi muyezo umenewo kawiri. Akakhala 4, chulukitsani ndi 1.414. Flywheel izungulizeni tepi n'kugawa ndi 3.1416, moti 1,915 mm ikupatsani 609.6 mm, mainchesi 24.

Yezani m'mawa. Chitsulo chotalika mita imodzi chimatanuka 0.012 mm pa digiri iliyonse ya kutentha, ndipo miyezo ya uinjiniya imatengedwa pa madigiri 20. Chitsulo chimene chakhala pa dzuwa la mu Okutobala chikafika madigiri 50 chawonjezera 0.36 mm pa mita.

Zithunzi za ziwalo zosayezeka ndi veniya

Thupi la injini, mutu wa silinda ndi masipoko a flywheel zili ndi mapindidwe amene veniya singagwire. Apa gwiritsani ntchito photogrammetry, njira youmba chinthu pa kompyuta kuchokera ku zithunzi zambiri. Foni ya kamera yabwino ndi yokwanira.

Dzuwa lowala limaononga ntchitoyi chifukwa mithunzi imayenda ndipo chitsulo chimanyezimira. Tsiku la chiperoni, mitambo itaphimba koma kusakuwaza, ndiye labwino koposa. Zungulirani makinawo mukujambula pa madigiri 10 aliwonse, zithunzi 36, ndipo chitani zimenezi katatu: mutanyonyomala, mutaima, ndi mutakwera pa chinthu. Chithunzi chilichonse chibwereze magawo awiri mwa atatu a chinzake. Tsekani focus ndi exposure kuti zisamasinthe zokha, musayatse fulashi, musagwiritse zoom. Yalani manyuzipepala pansi kuti pulogalamu ipeze zizindikiro zogwira, ndipo ikani rula yaitali kapena thabwa lokhala ndi madontho awiri otalikirana mita imodzi ndendende. Pamene pali mafuta onyezimira, wazanipo paudala wa ana ngati mwini wake walola.

Pulogalamu ya Meshroom, youmba chinthu kuchokera ku zithunzizi, ndi yaulere, koma kuti itulutse zabwino imafuna kompyuta yokhala ndi khadi ya NVIDIA. Mapulogalamu ambiri a pa foni amatumiza zithunzi pa intaneti, ndiye werengerani bandulo. Chimene chituluke chitsegulireni mu MeshLab kapena CloudCompare, mudule pansi ndi zinyalala, muchikulitse molingana ndi madontho aja, ndipo muchepetse timakona take kufika pa 300,000 kapena kucheperapo kuti laputopu isamagwire.

Chithunzi choumbidwachi ndi chongotsogolera maso. Chimatha kuphonya ndi milimita yathunthu, ndiponso chimakopera dzimbiri, penti ndi mabampu. Musachisandutse chiwalo cha CAD mwachindunji. Chiduleni m'magawo, mujambule mizere yanu yoyera pamwamba pake, ndipo pamene pali beringi, bowo kapena malo opalidwa ndi makina, mverani veniya.

Kumanga mu CAD

Kwa ambiri kuno FreeCAD ndiyo yoyenera. Ndi yaulere, imagwira popanda intaneti, ndipo mtundu wa 1.0 umene unatuluka mu Novembala 2024 uli ndi Assembly yakeyake, gawo lolumikizira ziwalo. Onshape imafuna intaneti nthawi zonse. Amene ali ndi SolidWorks kapena Inventor kusukulu kapena kuntchito atsate njira yomweyi. Yatsani auto recovery ndipo muzisunga fayilo pafupipafupi, magetsi sachenjeza pozima.

Yambani ndi Spreadsheet. Lembani miyezo ikuluikulu n'kuipatsa mayina: bore (m'mimba mwa silinda) 4.5 in, stroke (mtunda umene pistoni imayenda) 5.5 in, kutalika kwa connecting rod (ndodo yolumikiza pistoni ndi crankshaft) pakati pa mabowo ake awiri, kukula kwa shafiti, DP ndi mano. FreeCAD imalandira mainchesi mukalemba nambala kenako "in", monga 4.5 in, choncho musamasinthe pamanja. Sketch iliyonse izitenga manambala m'menemo. Mukadzapeza buku lonena kuti muyezo wina munalakwitsa, mudzasintha pamodzi pokha.

Kenako jambulani mafupa a makinawo, sketch imodzi ya mizere yokhayokha: pakati pa crankshaft, mkono wa crank, connecting rod ndi njira ya pistoni. Mkono wa crank ndi theka la stroke, pano mainchesi 2¾, 69.85 mm. Kokani mzerewo ndi mausi muone ngati ukuzungulira bwino. Cholakwika chikaonekera pano chimakonzeka m'mphindi imodzi.

Chiwalo chilichonse chikhale Body yakeyake mu Part Design, kuyambira ndi zosavuta: shafiti, pini, pistoni, zonse ndi Revolution. Sketch iliyonse ikhale yomangika kwathunthu, isanduke yobiriwira, musanapitirire. Ikani masketch pa datum plane, osati pa nkhope ya chiwalo, chifukwa mukasintha china kumbuyo nkhope zimatha kusokonekera ndipo zonse zodalira pamenepo zimagwa. Mafillet ikani pomalizira. Mazinga musawaumbe enieni pa bawuti iliyonse, amalemetsa fayilo pachabe. Jambulani bawuti yosalala, dzina la mazinga mulembe pa pulani. Magiya pangani ndi Involute Gear, mutasandutsa DP kukhala module, muyezo wa mano wa metric, pogawa 25.4 ndi DP, moti 8 DP ndi module 3.175, ndipo musaiwale kusintha ngodya kukhala 14.5 ngati ndi imene mwapeza.

Ziwalo za cast iron zili ndi khalidwe lake. Zinaumbidwa mu mchenga, ndipo monga njerwa imafunira chikombole choti ivuukemo bwino, makoma ake anapendekeka pang'ono, digiri imodzi mpaka atatu, kuti thabwa lachitsanzo lituluke osagumula mchengawo. Fufuzani kamzere kotukuka kamene kakuzungulira chiwalo, pamene magawo awiri a chikombole anakumana. Kupendekeka kumayambira pamenepo kupita mbali zonse ziwiri. Gwiritsani ntchito Draft, ndipo ngodya zonse zamkati zikhale zobulungira. Chiwalo chopanda zimenezi chimaoneka chamakono, ndipo wosungunula zitsulo sangachiumbe. Flywheel ipangeni ndi Revolution pa mkombero ndi pakati, sipoko imodzi ndi Additive Loft kuyambira kokulira kufika kocheperako, kenako Polar Pattern. Ngati masipoko ndi opindika musawawongole; anawapinda dala kuti asasweke chitsulo pozizira.

Kulumikiza ndi kuyesa

Mu Assembly, khomani thupi la injini kuti lisasunthe. Crankshaft ipatseni Revolute joint, mutu waukulu wa connecting rod nawo Revolute, pistoni Slider. Pa pini ya pistoni ikani Cylindrical. Mukaika Revolute paliponse, kuphonya kwa kachigawo ka milimita chammbali kumachititsa kuti pulogalamu ikane kuzungulira. Injini yeniyeni nayo ili ndi kampata pamenepo.

Zungulizani crank pang'onopang'ono. Onani pistoni ili pamwamba penipeni ngati yasiya mpata ndi mutu wa silinda, ndipo ili pansi ngati sikugunda crank. Pamene mukukayika, tengani makope a ziwalo ziwirizo muchite Common mu Part, imene imasiya gawo lokhalo limene ziwalo ziwiri zapezekamo zonse. Chikatsala chilichonse, ziwalozo zikulowana.

Kenako yesani ndi masamu. Bore ya 11.43 cm ndi stroke ya 13.97 cm zimapereka 1,433 cc. Kulemera ndi mboni ina yabwino. Mu Python console werengani Shape.Volume ya chiwalo, imene imabwera mu ma cubic millimetre, muchulukitse ndi 0.0000072 pa cast iron kapena 0.00000785 pa steel, mupeza makilogalamu. Ngati chiwalocho n'chomasuka, chiikeni pa sikelo. Kusiyana kukakula, kawirikawiri mwalakwitsa kuchindikala kwa khoma kapena muli mphako yamkati imene simunaione, monga njira za madzi oziziritsa.

Cam, chiwalo chozungulira chimene chimatsegula mavalavu, ndi yovuta kuyeza ili mkati, koma ngati injini imazungulira ndi dzanja pali njira. Gawani mkombero wa flywheel m'magawo 36 ndi choko. Pa flywheel ya mainchesi 24 gawo lililonse ndi 53.2 mm. Ikani dial gauge pa tappet (kachiwalo kamene cam imakankha) kapena pa push rod, osati pa valavu, kuti mpata ndi rocker zisasokoneze. Yambirani pistoni ili pamwamba, muziwerenga pa chizindikiro chilichonse kwa maulendo awiri athunthu, mawerengedwe 72. Cam imazungulira theka la liwiro la crank, choncho gawo lililonse ndi madigiri 5 a cam. Manambalawa ndi kukwera kwa tappet, si mkombero wa cam weniweni, ndiye pojambula muwerengere ngati tappet ndi yafulati kapena ya kagudumu.

Onetsani chimene mukudziwa ndi chimene mwaganizira

Pakani ziwalo mitundu itatu mu fayilo yosungidwa. Zobiriwira zikhale zimene mwayeza kapena mwazipeza pa pulani yeniyeni. Zachikasu zikhale zimene mwazipeza ndi masamu kapena pofanizira ndi makina ena a mtundu womwewo. Zofiira zikhale zongoganizira, monga chiwalo chosowa chimene mwachiona pa chithunzi chimodzi chakale. Chithunzi cha CAD chimaoneka chotsimikizika ngakhale pamene mwangopeka, ndipo wina akhoza kukasulitsa chiwalo pa lathe atakhulupirira bodza losadziwa.

Sungani fayilo ya FreeCAD, ndiponso tulutsani STEP, imene mapulogalamu onse a CAD amatsegula. Mapulani a TechDraw asungeni mu PDF, okhala ndi mainchesi ndi mamilimita, dzina la mazinga ndi mtundu wa chitsulo. Jambulani masamba onse a kope lija, muwaike pamodzi ndi zithunzi zoyambirira zosachepetsedwa. Kope limodzi la zonsezi likhale pa kompyuta, lina pa fulashi, lina lipite kwa mwini makinawo.

Ngati cholinga ndi kuumbitsa chiwalo chatsopano cha cast iron, fayilo ya chitsanzo ikhale yosiyana ndi ya chiwalo. Ikulitseni ndi gawo limodzi pa 100 chifukwa chitsulocho chimafota pozizira, ndipo pamalo onse odzapalidwa ndi makina muwonjezere pafupifupi 3 mm. Musanalize injini imene yakhala zaka zambiri osayenda, makanika ayang'ane flywheel ngati ilibe ming'alu, makamaka pamene masipoko akumana ndi mkombero ndi pa bowo la kiyi, chifukwa ming'alu yobisika pansi pa penti zithunzi ndi veniya siziiona.